Lipoti la ntchito yotolera zikumbutso za holo ya Empire ku Brooklyn

Ndimagwira ntchito pa malo ena osamalira okalamba masana ku Crown Heights, m'dera la Brooklyn mumzinda wa New York. Udindo wanga ndi kukonza zochita za tsiku ndi tsiku: zolimbitsa thupi atakhala pa mpando, nyimbo, macheza, ndi maulendo afupiafupi. Lipotili ndi la ntchito imene tinagwira kwa miyezi inayi ndi gulu la anthu 11, amayi 7 ndi abambo 4, yotolera zimene amakumbukira za holo ya Empire, momwe anthu ankatsetserekera pa nsapato za matayala kuyambira 1941 mpaka 2007. Mayina a anthuwa ndawabisa monga tinapanganirana nawo ndi abale awo.

Mmene zinayambira

Lachitatu lina masana ndinaika nyimbo za m'ma 1970 pa nthawi yolimbitsa thupi. M'gulumo muli abambo ena a zaka 84 amene madokotala anawapeza ndi matenda oiwala a ukalamba. Masiku ambiri amangokhala duu, chipewa chili pabondo, ukawafunsa kanthu amayankha ndi mutu. M'lipotili ndiziwatchula kuti abambo a chipewa. Tsikulo ndinaona mapazi awo akuyenda, koma sikunali kuponda kwa munthu wovina. Phazi lamanja linkakwawa pansi kupita kumbali n'kubwerera, lamanzere n'kuzembera kumbuyo kwa linzake, zidendene osanyamuka ngakhale pang'ono. Mapewa ankapendekera mbali imodzi ngati munthu amene akukhota pa njinga. Amayi amene anakhala moyang'anizana nawo anawomba m'manja n'kunena kuti amenewo ndi mapazi a ku Empire. Abambo aja atamva dzinalo anadzutsa mutu, n'kuwayang'ana amayiwo m'maso. Mu miyezi 8 imene ndinali nditawadziwa ndinali ndisanawaonepo akuyang'ana munthu chotero.

Anthu ena anayi anayamba kulankhula nthawi imodzi, wina za pansi pa matabwa, wina za mzere wa pakhomo, wina za mwamuna wake amene anakumana naye kumeneko. Ola lolimbitsa thupi linathera pomwepo. Mawa lake ndinapempha akuluakulu a pa ntchito kuti andilole kupatula ola limodzi pa mlungu kuti tizikamba za holoyi ndi kujambula mawu awo, ndipo anavomera, pokhapokha aliyense asayine fomu yachilolezo. Ya abambo a chipewa anasayina mwana wawo wamkazi, koma ndinawafunsanso eni ake mlungu uliwonse ndisanatsegule chojambulira.

Malo amene tikukamba

Ine ndinafika ku Brooklyn holoyi itatsekedwa kale, ndipo kwathu sindinakule ndikuona masewerawa, choncho ndinayamba ndi kuwerenga ku laibulale. Holoyi inali pa 200 Empire Boulevard, pafupi ndi mphambano ya Bedford Avenue. Msewu womwewo kale unkatchedwa Malbone Street. Anausintha dzina itachitika ngozi yoopsa ya sitima mu 1918 imene inapha anthu oposa 90. Nyumbayo poyamba inali galaja yoimikamo magalimoto a anthu obwera kudzaonera masewera a baseball ku Ebbets Field, bwalo la timu ya Dodgers, limene linali pafupi pomwepo. Mu 1941 banja la a Swanson linaisandutsa holo, n'kuyala pansi matabwa a mtengo wa maple. Nyimbo za masiku amenewo zinali za limba, woyimba atakhala pomwepo, anthu n'kumazungulira mwaulemu awiriawiri.

Nsapato zake ndi za matayala anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, zimene James Plimpton anazikonza mu 1863 kuti munthu azitha kukhota pongopendeketsa thupi. Kupendekera kwa mapewa kumene ndinaona pa abambo a chipewa kunachokera pamenepo.

Dera nalo linasintha holoyi ili chiimire. Pa Ebbets Field ndi pamene Jackie Robinson anayambira kusewera mu 1947, munthu wakuda woyamba mu ligi yaikulu m'nyengo yathu ino. Dodgers inasewera komaliza pamenepo mu 1957 n'kusamukira ku Los Angeles, bwalo linagwetsedwa mu 1960, pamalopo n'kumangapo nyumba zosanja zogonamo anthu. M'zaka zomwezo mabanja ambiri achizungu anasamuka, ndipo m'malo mwawo munalowa anthu akuda ochokera ku zigawo za kumwera kwa dziko la America ndi ku zilumba za Caribbean. Anthu a m'gulu langa ndi ana a kusamuka kumeneko: atatu anabadwira ku Carolina, kumwera kwa dzikolo, awiri ku Jamaica, mmodzi ku Trinidad, otsalawo mu Brooklyn momwemo.

Njira yoyamba imene inakanika

Mlungu woyamba ndinabwera ndi pepala la mafunso: munayamba kupita chaka chanji, pakhomo munkalipira zingati, mwini wake anali ndani, munasiya liti. Linali vuto langa, ndipo ndikulilemba kuti wina asadzalibwereze. Macheza amene anali moto mlungu wathawo anazirala. Amayi awiri anayamba kutsutsana za mtengo wa pakhomo mpaka wina kukwiya. Abambo a chipewa nditawafunsa chaka anayang'ana pansi, n'kuyamba kupinda chipewa chawo m'manja, ndipo sanalankhulenso tsiku lonse. Funso la chaka kwa munthu woiwala limamveka ngati mayeso a kuchipatala aja, amene amadziwa kuti amalephera.

Usiku umenewo ndinakumbukira agogo anga akuchikazi. Iwo ukawafunsa kuti amalume anabadwa chaka chanji sankadziwa, koma ankakuuza mosakayika kuti inali mvula yachiwiri itadutsa njala ya 1949. Mlungu wotsatira pepala lija ndinalisiya, n'kulemba pa bolodi zinthu zochepa zimene aliyense wa ku Crown Heights amazidziwa: Dodgers isanachoke, bwalo litagwetsedwa, usiku umene magetsi anazima mzinda wonse mu Julayi 1977, ndi kutsekedwa kwa holo. Funso linasanduka lakuti kodi zimene mukunenazi zinali magetsi asanazime kapena atazima. Pamenepo aliyense anali ndi yankho, ndipo zaka ndinkaziwerengera ndekha kunyumba.

Chachiwiri chinali kubweretsa zinthu zogwirika. Amayi ena anabwera ndi kakiyi kachitsulo kali pa chingwe cha nsapato. Ana a nthawi yawo ankamangirira matayala achitsulo kunsi kwa nsapato zawo za kusukulu, n'kumanga ndi kiyi ameneyu, ndipo ankamuvala m'khosi kuti asatayike. Kakiyiko kanayenda m'manja mwa onse, aliyense n'kupotokola dzanja m'malere kusonyeza mmene ankamangira. Amayiwa ndi amene m'lipotili ndikuwatchula kuti amayi a kiyi. Anali namwino kwa zaka zambiri, ndipo ndi amene anakhala ngati mlembi wa gulu.

Zimene ananena

Pa zaka ndi mitengo anthuwa sanagwirizane, koma pa zinthu ziwiri onse 11 ananena chimodzimodzi, ngakhale amene ndinawafunsa paokha. Choyamba ndi pansi. Palibe amene anayamba ndi magetsi amitundumitundu kapena zovala. Ankayamba ndi matabwa: kusalala kwake, kufunda kwake ukagwa, ndi mkokomo wa matayala mazanamazana umene unkamveka usanalowe n'komwe, uli pa mzere panja. Abambo ena amene ankayendetsa basi anati mkokomowo unkaumva m'mimba osati m'makutu. Anafotokozanso kusiyana kwa matayala akale olimba, amene ankalira ndi kuterereka pokhota, ndi a pulasitiki yofewa ya urethane amene anafala m'ma 1970, ogwira pansi ndi opanda phokoso. Ena mwa akatswiri sanawakonde atsopanowo chifukwa kuterereka kuja ndi kumene ankavinira.

Chachiwiri ndi nyimbo, ndipo apa ndi pamene zolembedwa ndi zokumbukira zikukumana bwino. Zolembedwa zimatchula Bill Butler, amene anakulira ku Detroit ndipo anafika ku Empire mu 1957 ali msilikali wa gulu la ndege. Iye ndi amene amadziwika kuti anakankha kuti m'holomo muziyimbidwa zimbale za jazz ndi rhythm and blues m'malo mwa limba lokha, ndipo anabweretsa kavinidwe kotsatira ng'oma kamene kanadzatchedwa jammin. Pambuyo pake anthu anamupatsa dzina la tate wa roller disco, kuvina nyimbo za disco pa nsapato za matayala. Anthu atatu a m'gulu langa anamuonapo akutsetsereka. Palibe amene anakumbukira tsiku limene limba linasiya. Amati linangozilala pang'onopang'ono, usiku wina wa limba, wina wa zimbale, mpaka zimbale zinapambana. Za zokuzira mawu zikuluzikulu zimene anaika Richard Long, katswiri amene anaikanso za ku kalabu yovinira ya Paradise Garage ku Manhattan, dzina lake sankalidziwa, koma ankadziwa kuti pali nthawi imene mabesi anayamba kugwedeza benchi yovulirapo nsapato, ndipo onse anati zinali magetsi atazima.

Panalinso malamulo a m'bwalo amene sanalembedwe paliponse. Othamanga amatenga kunja, ophunzira amakakamira m'mbali mwa khoma, ovina amakhala pakati. Oyang'anira bwalo ankayenda chobwerera m'mbuyo, wezulo ali pakamwa, maso ali pa khamu, ndipo mwana akagwa mmodzi wa iwo ankaima kumbuyo kwake kuti mtsinje wa anthu upatuke. Woyimba akalengeza kuti tsopano ndi nthawi ya awiriawiri, anyamata ankathamangira kukapempha dzanja, ndipo amayi a kiyi anati mtsikana ankadziwa khalidwe la mnyamata pa nyimbo imodzi yokhayo: ngati akukukoka kuti anthu amuone, kapena ngati akuchepetsa liwiro kuti mufanane. Amuna awo malemu anachepetsa liwiro. Panali nthawi ya atatuatatu, ndi ya sitima, pamene anthu ambiri amagwirana m'chiuno, wakumapeto n'kumauluka pokhota.

Amayi atatu obadwira ku Carolina anabweretsa nkhani imene obadwira ku Brooklyn sanaiyambe. Kwawo, ali ana, holo zotere zinali za azungu, ndipo munthu wakuda ankaloledwa usiku umodzi pa mlungu, kapena osaloledwa n'komwe. Izi zinali zofala m'madera ambiri a America, ndipo ngakhale malamulo atasintha, mausiku amenewa anapitirira ndi mayina ena ozembaitsa. Ndinawawerengera za Ledger Smith, amene mu Ogasiti 1963 anatsetsereka mtunda wa mamailosi 685 kuchokera ku Chicago mpaka ku Washington m'masiku 10 kuti akakhale nawo pa ulendo waukulu wofuna ufulu, atavala lamba wolembedwa mawu oti ufulu. Mmodzi wa amayiwo anakhala chete kwakanthawi, kenako anati chimene chinamudabwitsa atafika ku Empire koyamba n'chakuti sanafunikire kufunsa kuti lero ndi tsiku la ndani. Anangolipira n'kulowa. Mawu amenewa ndinawamvetsera kangapo pa chojambulira, ndipo ndimawaona kuti ndi olemera kuposa zonse zimene ndinawerenga ku laibulale.

Pamene zolembedwa ndi eni ake anasiyana

Pafupifupi nkhani iliyonse yolembedwa ya Empire imafika pa 1979, pamene woyimba Cher anachititsa phwando m'holomo, atolankhani n'kudzaza, roller disco n'kutchuka dziko lonse. Ine ndinabwera ndi nkhaniyi mosangalala, ndikuganiza kuti idzatsegula pakamwa pa aliyense. Palibe ndi mmodzi yemwe wa m'gulu amene analipo usiku umenewo. Amayi a kiyi anandiyankha mosapsatira kuti otchukawo anabwera kudzaona zimene iwo anali akuchita kale kwa zaka 20, anajambulitsa, n'kubwerera ku Manhattan, ndipo fashoni itatha m'ma 1980 amene anatsala akulipira pakhomo mlungu ndi mlungu anali omwe aja a m'deralo. Anandifunsa ngati lipoti langa likhale la alendo kapena la eni mudzi.

Ndikuona kuti amayiwa ananena zoona. Usiku wa 1979 unachitikadi ndipo uyenera kulembedwa, koma ndi usiku umodzi pa zaka 66. Chifukwa choti unali ndi makamera, walanda malo a mausiku ena onse. Pa zojambula zathu, zimene zikukwana pafupifupi maola 14, dzina la Cher likutenga mphindi zosakwana 5, ndipo zambiri mwa izo ndi mawu anga. Zotsalazo ndi maphwando a tsiku lobadwa a ana, magulu a ku tchalitchi obwera pa basi Loweruka, mayi wotopa ndi ntchito ya usiku amene ankapita kukatsetsereka asanagone kuti mutu uzizire, ndi bambo amene anaphunzitsa ana ake atatu ndi zidzukulu ziwiri pa matabwa omwewo. Posanja zojambulazo ndinatsata kulemera kumene eni ake anapereka, osati kwa manyuzipepala.

Sindinabise zowawa. Anthu anayi ananena kuti m'zaka zomaliza kunkachitika ndewu za achinyamata panja usiku, ndipo awiri anasiya kutumiza ana awo madzulo. Ena anakana kuti zimenezi zilembedwe, poopa kuti zidzaphimba zabwino zonse monga zimakhalira nkhani za madera a anthu akuda. Tinakambirana mlungu wathunthu, ndipo tinagwirizana kuti mawuwo akhalemo monga anawanenera eni ake, pamodzi ndi mawu a otsutsawo.

Abambo a chipewa

Mlungu wachisanu mwana wawo anabwera ndi chikwama chakale chimene anachipeza pansi pa bedi. Munali nsapato zachikopa zakuda zofika m'akakolo, zosweka m'mapindiko, zingwe zake zosiyana mitundu. Kutsogolo kunalibe kachipira koimira kaja. Anthu ovina ambiri ankakachotsa kuti kasawakole. Abambowo anatenga nsapato imodzi, kuitembenuza, n'kukankha tayala ndi chala chachikulu. Kenako anaibweretsa pa khutu, maso atatseka, kumvetsera timipira ta m'kati. Anachita chimodzimodzi ndi matayala onse 8, limodzi limodzi, ndipo atafika pa lachisanu ndi chimodzi anagwedeza mutu n'kunena kuti ili likufuna mafuta. Chimenechi chinali chiganizo chathunthu choyamba chimene ndinawamva akulankhula osafunsidwa. Ndinakankha tayalalo ndekha, ndipo linkaimadi msanga kuposa anzake.

Anafuna kuzivala. Dokotala wa mafizo anakana, ndipo ndinagwirizana naye: abambowa amayenda ndi chogwirira, anagwapo kale kunyumba, ndipo kuthyoka chiuno pa msinkhu wawo n'chinthu chimene ambiri sadzukanso nacho. Kuwakaniza kunali kowawa, ndipo tsiku limenelo anandikwiyira. Chimene tinapeza n'chakuti azikhala pa mpando wa mikono wokhazikika kukhoma, wantchito mmodzi ali pambali, nsapato imodzi yokha ku phazi lamanja, pansi titayala thabwa losalala. Nyimbo ikayamba, phazilo linkayenda lokha, ndipo pakamwa pankatseguka. Ananena kuti ankalowa ulere chifukwa chothandiza kusesa, kuti anaona limba ndi maso awo, ndiponso kuti anaphunzira kuyenda chobwerera pofuna kuti mtsikana wina awaone. Mwana wawo sankadziwa chilichonse mwa izi.

Ndiyenera kunena mosamala za zotsatira. Matenda awo sanabwerere m'mbuyo, ndipo sitinayembekezere zimenezo. Mawa lake sankakumbukira kuti dzulo tinacheza. Chimene antchito tinalemba m'kaundula ndi chakuti pa masiku a gululi ankadya chakudya chonse, ankayankha moni, ndipo madzulo sankavuta pokwera galimoto yobwerera kunyumba monga masiku ena. Ndi munthu mmodzi, ndipo sindinganene kuti zidzatero kwa wina aliyense. Zimene ananena sindinazikonze ngakhale pamene zaka zinasokonekera. Tsiku lina anaika Jackie Robinson ndi nyimbo za disco m'chaka chimodzi. Mawu awo ndinawasiya momwemo, n'kulemba ndemanga yanga pa pepala lina.

Ulendo wa ku Empire Boulevard

Empire inatsekedwa mu Epulo 2007, nyumbayo itagulitsidwa. Inali yachitatu kugwa m'kanthawi kochepa: Skate Key ya ku Bronx inatseka mu 2006, Roxy ya ku Manhattan mu Malichi 2007. Holo yotere imafuna malo aakulu, pamene ndalama zake zimachokera m'matikiti otsika mtengo ndi kubwereketsa nsapato, ndipo mtengo wa malo mu New York utakwera, pansi pomwepo panayamba kupindulitsa kwambiri pochitapo zina. Lero nyumbayo ndi yosungiramo katundu, yogawidwa m'tizipinda ta lendi.

Gulu linapempha kuti tipiteko. Ndinali ndi mantha kuti ulendowu uwapweteka, ndipo ndinawauza zimene akapeze. Anapita anthu 8. Tinaima panja pafupifupi mphindi 20. Palibe amene analira. Anakangana za pamene panali khomo lenileni, mpaka abambo a basi aja anayeza ndi mapazi kuchokera pa kona n'kuloza, onse n'kuvomera. Amayi a kiyi anagwira khoma ndi chikhatho, n'kunena kuti akufuna kudziwa ngati matabwa aja akadali pansi pa simenti kapena anawazula. Abambo a chipewa sanaizindikire nyumbayo. Anayang'ana magalimoto odutsa n'kufunsa kuti tikudikira ndani.

Kuchokera pamenepo tinatsika msewu womwewo kupita ku Prospect Park, kumene kuli LeFrak Center, yotsegulidwa mu 2013, pamene anthu amatsetsereka pa matayala nyengo yotentha. Pansi pake si pa matabwa, ndipo gulu langa linaona zimenezo lisanakhale n'komwe. Koma panali mnyamata wina amene ankayenda chobwerera, mapazi akulukana, ndipo abambo a chipewa anamutsatira ndi maso kuzungulira konse katatu, phazi lawo lamanja likukwawa pansi pa chogwirira.

Pamene ntchito yafika

Zojambula zonse zalembedwa pa pepala, ndipo aliyense anawerengeredwa mawu ake n'kuchotsa zimene sanafune. Amayi ena anachotsa dzina la chibwenzi chakale, ena nkhani ya mchimwene wawo. Banja lililonse lalandira kope lake. Za kupereka zojambulazi ku malo osungira mbiri, anthu 9 avomera, awiri akuganizabe, ndipo sitipereka kanthu mpaka atayankha. Mmodzi wa abambo anayi aja anamwalira tisanamalize, titangomujambula kawiri. Mafunso amene ndinasungira ulendo wachitatu anali a oyang'anira bwalo, ntchito imene iye yekha m'gululi anaigwirapo. Gawo limenelo latsala lopyapyala, ndipo amayi a kiyi akufunsa ku tchalitchi kwawo ngati alipo wina amene anagwirako wezulo.

Gululi likukumanabe Lachitatu. Nsapato za abambo a chipewa zimasungidwa mu kabati ya mu ofesi yanga mwa pempho la mwana wawo. Tayala lija ndinalithira mafuta, ndipo mlungu wotsatira analiika pa khutu, kumvetsera, n'kupitirira ku linzake osanena kanthu.